Ana athu ndi phiri la Michiru: tingafikire bwanji sukulu zambiri?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale kufupi ndi Chilomoni, ndipo ndimayang'anira kalabu ya zachilengedwe. Anzanga a m'sukulu zoyandikana nafe akufuna kuti zimene timachitazi zifikenso kwawo, ndipo tapeza kangachepe kothandizira ntchitoyi. Koma mtima wanga uli pawiri. Mitengo yambiri imene tinadzala chaka chatha inauma, komanso ana ena m'kalabumo makolo awo amadalira makala ndi nkhuni za m'phiri la Michiru. Tingakulitse bwanji maphunzirowa kuti akhale aphindu, osangoti ana aziimba nyimbo za mitengo kukabwera alendo?

Yankho: Aphunzitsi, mwatchula zinthu ziwiri zimene ambiri amazilambalala akamalemba malipoti, mitengo youma ndi ana a anthu ootcha makala. Pa zaka zimene ndakhala ndikuyenda ndi ana a sukulu m'mapiri ozungulira Blantyre, ndaona kuti ntchito yonseyi imaima kapena kugwa pa ziwiri zimenezi. Choncho kukayika kwanuko n'koyenera, ndipo ndi poyambira pabwino.

Ndiyambe ndi chimene ndimachikhulupirira kwambiri. Musathamangire kuchulukitsa sukulu. Sankhani ziwiri kapena zitatu zoti mutha kufikako wapansi kapena pa kabaza, ndipo mukhale nazo chaka chathunthu, kuphatikizapo tchuthi chachikulu chija ana akatseka mu Julaye. Ndalama yochepa mukaimwaza m'sukulu khumi ndi ziwiri, sukulu iliyonse ipeza tsiku limodzi la chisangalalo, zithunzi ndi mbande zochepa, basi nkhani n'kuthera pomwepo. Chimene chimasintha mwana ndi kubwerera pamalo amodzimodzi sabata ndi sabata, kuona mtengo womwewo ukuyoyola masamba, ukuphukira, ukuchita maluwa, mpaka atayamba kuutchula kuti "mtengo wathu uja".

Pofuna kudziwa pamene ana anu ali, achitireni kamayeso aka. Afunseni ubwino wa mitengo. Manja adzakhala m'mwamba kalasi yonse: imateteza nthaka, imatipatsa mpweya wabwino, imathandiza mvula. Kenaka atulutseni panja, muwapatse masamba a mitengo isanu yachilengedwe, muwafunse mayina ake. Apa m'pamene mudzaone kuti mwana wobadwira m'tsinde mwa Michiru, amene amaliona phirilo tsiku lililonse akangotsegula chitseko, sadziwa kusiyanitsa mlombwa ndi mbawa, kapena muwanga ndi naphini. Akudziwa bulugamu, mango ndi kesha. Zimene analoweza m'kalasi n'zoona ndithu, koma sizinakhudzane ndi mtengo uliwonse umene iye anaugwirapo. Ndiye tikamamuuza kuti ateteze nkhalango, timakhala tikumupempha kuti alondere alendo amene sakuwadziwa n'komwe.

Tsiku lina ndinali ndi ana a Sitandade 6 m'njira yokwera phiri, ndipo tinapeza mlombwa umene munthu anautema pang'ono ndi chikwanje n'kuusiya. Pabalapo panali pataundana utomoni wofiira, wina ukuyendererabe m'khungwa. Mnyamata wina anaima chilili, kenaka anati, "Aphunzitsi, mtengowu ukutuluka magazi." Anzake anaunjikana, aliyense akufuna kukhudza ndi chala. Pansi panali zipatso zake zouma zija, zozungulira ngati kambale, zokhala ndi timinga pakati. Ndinangowauza dzina lake, n'kuwafunsa ngati kwawo kuli chitseko kapena mpando wa mlombwa. Awiri anati ulipo. Kuyambira pamenepo mpaka kutsika, anawo ankapikisana kupeza mlombwa wina, ndipo anaona okha kuti ikuluikulu kulibe, yatsala ing'onoing'ono ndi zitsa. Funso loti yapita kuti analifunsa ndi iwo, osati ine. Phunziro lotere silifuna ndalama, limafuna mphunzitsi wodekha amene amalola ana kuima pamene chawakopa.

Nanunso aphunzitsi mwina simudziwa mayina onse, ndipo musachite nazo manyazi. M'mudzi uliwonse wozungulira phirili muli agogo amene amadziwa mtengo wa mipini, mtengo wa mitondo, mtengo umene nkhuni zake sizifuka utsi wambiri, ndi umene sudulidwa chifukwa uli kumanda. Muli asing'anga odziwa mizu, muli amayi odziwa pamene pamamera bowa mvula ikagwa. Aitaneni ku kalabu ngati aphunzitsi enieni, muwapatse mpando, ana alembe zimene akunena m'kope lolimba limene lizikhala pasukulu. Pakutha pa chaka mudzakhala ndi buku lanulanu la mitengo ya dera lanu, lokhala ndi masamba oumitsidwa, dzina lake ndi ntchito yake. Inu aphunzitsi mumadziwa kale TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zimene zikupezeka pamalopo. Pa phunziro ili ndiye zipangizo zili mbwee, kungoyambira kuseri kwa kalasi.

Za ulendo wa kuphiri. Michiru yakhala malo otetezedwa kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo gawo losungirako nyama limayang'aniridwa ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Pitani nokha ku ofesi yawo musanatenge ana, mukagwirizane za tsiku, za malipiro olowera ndi za mlonda woyenda nanu. Kalata ya ahedi, chidziwitso kwa a PEA (mlangizi wa sukulu za pulaimale m'zoni yanu) ndi chilolezo cha makolo zikhale m'manja. Miyezi ya Meyi, Juni ndi Julaye ndi yabwino chifukwa kumazizira ndipo njira siziterera. Mwana aliyense atenge madzi, ndipo muwaonetse chitedze ulendo usanafike patali, chifukwa mwana mmodzi akachikhudza tsiku lonse lawonongeka. Anyani ndi apusi asawaponyere chakudya. Magulu akhale aang'ono. Ana makumi asanu oyenda pamodzi amangoona misana ya anzawo, ndipo phokoso lawo limathamangitsa chilichonse.

Auzeniretu kuti mwina sakaona mbawala kapena gwape ndi maso. Aphunzitseni kuwerenga zizindikiro: mapazi m'dothi lonyowa, pamene nguluwe yafukula, nthenga, chisa, ndowe. Ndowe za fisi zikauma zimayera ngati choko chifukwa cha mafupa amene amatafuna, ndipo ndaona ana atazungulira ndowe zimenezi kwa nthawi yaitali kuposa momwe akanaonerera nyama yeniyeniyo. Pamenepo ena amayamba kunena zimene anamva kunyumba zokhudza afisi ndi afiti. Musawaseke kapena kuwadula mawu. Amvetsereni, kenaka muwafunse kuti fisi amadya chiyani, ndipo kukanakhala kuti kulibe, nyama zakufa m'tchire zikanatha bwanji.

Amene ali ndi mphamvu afike nawo pamwamba, pamtunda wa mamita oposa 1,400. Pamenepo mzinda wonse uli poyera, bwalo la ndege la Chileka mbali iyi, Ndirande ndi Soche mbali inayo. Aloleni ayang'ane Ndirande bwinobwino. Akuluakulu a mumzinda uno amakumbukira phiri limenelo lili ndi mitengo yothithikana, ndipo m'zaka za m'ma 1990 inatha m'nthawi yochepa. Mwana akaona ndi maso ake phiri lometedwa uko, iye ataima pamthunzi, safunanso kumuuza zambiri. Koma ulendo umodzi pachaka si maphunziro ayi. Ndi chokometsera chabe. Ntchito yeniyeni ili pasukulu ndi m'mudzi.

Tsono tibwere ku mitengo yanu youma ija. Ndisanafike n'komwe pasukulu panu, nditha kuganiza zimene zinachitika, chifukwa n'zimene zimachitika pafupifupi paliponse. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo, ndipo sukulu zambiri zimadikira tsiku la mwambo, pamene alendo apeza mpata, mwina kumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi. Mbande yodzalidwa nthawi imeneyo imangolandira mvula ya masabata ochepa, mizu isanazame chilimwe chafika. Onjezanipo maenje osaya okumbidwa m'mawa wa tsiku lomwelo, mbande zina zokwiriridwa ndi chubu chake, chiswe, ndi mbuzi zimene zimamasulidwa anthu akakolola. Kenaka sukulu itsekedwa, Ogasiti yense palibe woyang'ana, ndipo pofika Okutobala dzuwa ndi moto zimamaliza zotsalazo. Ana amene anadzala aja amaphunzirapo chinthu chimodzi choopsa, chakuti kudzala mitengo ndi mwambo wa tsiku limodzi ndipo kuuma kwake palibe amene amafunsa.

Kukonza kwake n'kotheka. Dzalani yochepa, yoti mwana aliyense kapena ana awiri akhale ndi mtengo wawo wodziwika, ndipo dzalani mvula ikangokhazikika, mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, alendo abwere kapena asabwere. Maenje akumbidwe mvula isanayambe, akuya ndi otambalala masentimita osachepera 30, a mitengo ya zipatso akhale okulirapo, dothi lapamwamba lisakanizidwe ndi manyowa. Mtengo uliwonse utchingidwe ndi minga kapena nsungwi, ndipo patsinde pake paphimbidwe ndi udzu wouma, osaugunditsa ku thunthu kuopa chiswe. Musanatseke sukulu mu Julaye, khalani pansi ndi komiti ya sukulu, amayi a mother group ndi mlonda, mugawane masabata a tchuthi. Ana okhala pafupi amabwera mosangalala ngati akudziwa kuti potsegulira mudzawerenga mitengo yamoyo pamaso pa sukulu yonse.

Nazale ikhale yanuyanu. Mbande zogula kapena zopatsidwa zimafika mochedwa, ndiponso mwana saphunzirapo kanthu. Ana atole okha mbewu nthawi yake ikakwana, adzaze machubu ndi dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa, afese sukulu ikangotsegulidwa mu Seputembala. Adzaona kuti mbewu za khungu lolimba monga msangu ndi mthethe zimafuna kuzikanda pang'ono kapena kuziviika m'madzi kuti zimere msanga, pamene za mbawa zimafuna kufesa zikadali zatsopano. Adzaphunzira kusuntha machubu kuti mizu isalowe pansi, ndi kuchepetsa madzi masabata omalizira kuti mbande zizolowere dzuwa. Mapepala apulasitiki a shuga ndi a mkaka amene amangoti mbwee m'misika amagwira ntchito ngati machubu mukawaboola pansi. Masamu alinso momwemo: tinafesa zingati, zamera zingati, ndi magawo angati pa 100 alionse.

Koma pali njira ina imene ndimaikonda kuposa nazale, ndipo ndi imene ikugwirizana ndi malo ngati anu. Mitengo yachilengedwe ya m'mapiri athuwa, monga mombo, tsamba ndi masuku, ikadulidwa siifa msanga. Chitsa chimakhala chamoyo, mizu yake ili pansi patali, ndipo chaka chilichonse chimaphukira, kungoti mphukirazo zimapsa ndi moto, kudyedwa ndi mbuzi kapena kuthyoledwa zikadali zanthete. Pemphani amfumu ndi komiti ya zachilengedwe ya m'mudzi kuti akupatseni kamalo kakang'ono kogugika, kunja kwa malire a malo otetezedwa. Musadzalepo kanthu. Ana awerenge zitsa zamoyo, pa chitsa chilichonse asiye mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu n'kudulira zinazo, alambule udzu kuzungulira malowo moto usanayambe, ndipo ayeze kutalika kwake teremu iliyonse ndi ndodo yolembedwa. Mitengo imeneyi siifuna kuthirira, chiswe sichiivutitsa ngati mbande zachilendo, ndipo patatha zaka zitatu anthu odutsa amayamba kuima n'kufunsa kuti mwadzala liti. Pansi pa mitengo yotereyi m'pamenenso pamamera mitundu ina ya bowa imene simera pansi pa bulugamu, chifukwa imakhalira limodzi ndi mizu yake. Amayi akangoyamba kuzula bowa pamalo amene ana awo anateteza, simudzafunikanso kuitanitsa msonkhano kuti muwafotokozere ubwino wake.

Za moto ndinenepo pang'ono, chifukwa apa ana ndi eni nkhani. Moto wambiri wa m'tchire umayamba ndi anyamata osaka mbewa, ndipo ena mwa iwo ali m'kalabu mwanumo. Musawaopseze. Pitani nawo pa lupsa sabata imodzi moto utadutsa, awerenge timitengo tomwe tapsa pamalo a masitepe khumi mbali zonse, kenaka awerenge pamalo ofanana pomwe sipanapse. Afotokozereni kuti moto wa mu Seputembala ndi Okutobala, udzu utaumitsitsa, umatentha kwambiri kuposa wa mu Meyi kapena Juni. Chimodzi chokha muwaletse mwamphamvu: mwana asapite kukazimitsa moto wolusa. Ntchito yake ndi kuthamanga kukauza akuluakulu.

Tsopano nkhani yovuta ija, ya makala. Pano ndikuuzani cholakwa changa, chifukwa chinandiphunzitsa kuposa maphunziro onse amene ndinachitapo. Ndikuyamba kumene ntchitoyi, ndinaima kutsogolo kwa kalasi pa sukulu ina ndikufotokoza mwamphamvu kuti anthu ootcha makala ndi adani a chilengedwe. Ana anavomera mokweza. Titatuluka, mtsikana wina wa zaka ngati khumi ndi ziwiri anatsalira, akupotokola m'mphepete mwa yunifolomu yake, maso ali pansi. Anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Ndiye kuti bambo anga ndi munthu woipa?" Yunifolomu imene anavalayo, kope limene linali m'manja mwake, nsima imene anadya dzulo lake, zonse zinachokera m'thumba la makala limene bambo ake anakankha pa njinga usiku kupita nalo mumzinda. Ndinasowa chonena. Sabata yotsatira mtsikanayo sanabwerenso ku kalabu, ndipo mpaka lero ndimamukumbukira.

Phunziro lililonse limene limachititsa mwana kuchita manyazi ndi kholo lake lalephera, ngakhale mfundo zake zikhale zoona. Mwana amasankha kholo, ndipo akutero moyenera. Choipa kwambiri ndi kusandutsa ana akazitape, kuwauza kuti azinena amene akudula mitengo m'mudzi. Mukatero mwaika mwana pangozi, ndipo makolo adzaitenga kalabu yanu ngati maso a alonda a nkhalango. Lamulo ana alidziwe ndithu. Adziwe kuti pali lamulo la nkhalango la 1997 limene linakhwimitsidwa mu 2020, kuti kuotcha makala popanda chilolezo ndi mlandu, ndiponso kuti m'malo otetezedwa simuloledwa kudula mitengo kapena kutchera misampha. Koma kugwira olakwa ndi ntchito ya ena, si ya mwana wa Sitandade 5.

Chimene ndimachita tsopano ndi kulondola thumba la makala pamodzi ndi ana, kuchokera pa uvuni mpaka pa mbaula. Ndani amadula, ndani amanyamula, ndani amagulitsa pamsika, ndani amagula? Akafika kumapeto amapeza kuti wogula ndi ife tonse, aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi, a ku Ndirande ndi a ku Namiwawa omwe. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre, ndipo m'dziko muno mabanja oposa 9 pa 10 alionse amaphikira nkhuni kapena makala. Magetsi akazima, ngakhale amene amaphikira magetsi amatulutsa mbaula. Mwana wa wootcha makala akamva zimenezi amadzutsa mutu, chifukwa waona kuti bambo ake ndi mbali imodzi chabe ya chingwe chachitali, ndipo nthawi zambiri ndi amene amapeza zochepa pa onsewo. Kuchokera pamenepo funso limasintha. Silikhalanso loti woipa ndani, limakhala loti tingaphike bwanji ndi nkhuni zochepa.

Funso limeneli lili ndi mayankho amene mwana angawagwire ndi manja. Konzani mpikisano pabwalo la sukulu, muitane amayi adzaonerere. Mapoto awiri ofanana, madzi ofanana, mitolo iwiri ya nkhuni yofanana. Gulu lina liphike pa mafuwa atatu, lina pa chitetezo mbaula, ija youmbidwa ndi dongo. Madzi akawira, ana awerenge nkhuni zotsala mbali iliyonse. Tsiku lina ayese poto wovundikira ndi wosavundikira, tsiku lina nyemba zoviika usiku ndi zosaviika. Zotsatira alembe pa bolodi okha. Ndaona amayi amene anabwera ndi nkhope zokayika akunyamuka n'kukagwira nkhuni zotsalazo kuti atsimikize. Atsikana, amene ndi omwe amadzuka m'mamawa kukatola nkhuni kuphiri, amamvetsa phunziro ili msanga kuposa wina aliyense, chifukwa mtolo umodzi wopulumutsidwa ndi ulendo umodzi wochepa.

Yang'ananinso khitchini ya sukulu yanu. Ngati pamaphikidwa phala, nkhuni zake zimachokera kuti? Pali sukulu zimene zimaphunzitsa kuteteza phiri m'kalasi, kwinaku zikuuza ana kuti aliyense abwere ndi chikuni. Ana amaona zimenezi. Kamunda ka kesha kumapeto kwa bwalo, kamene mukadula kamaphukiranso, ndi mizere ya nandolo imene mitengo yake imasanduka nkhuni mukakolola, zimachepetsa vutoli ndipo zimaonetsa makolo chinthu choti angatengere kwawo. Bulugamu musamudzale pafupi ndi mtsinje kapena chitsime. M'mbali mwa madzi muyenera mbawa, katope, mkuyu ndi nsungwi.

Ndisakunamizeni, maphunziro a ana paokha sadzachotsa uvuni m'phiri. Bambo amene alibe ganyu ina adzapitabe. Ming'oma ya njuchi, madimba ndi magulu a banki m'khonde zimathandiza mabanja ena, koma zimenezo ndi ntchito za mafumu, alangizi ndi mabungwe, ndipo musalonjeze makolo zimene sizili m'manja mwanu. Gawo lanu ndi lakuti mwana akule akulidziwa phiri, akuliwerengera ngati lake, ndipo ali ndi luso lenileni lochepetsera kudalira kwake pa ilo.

Pali nkhani ina imene simungailambalale mu Blantyre. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anataya miyoyo. M'kalasi mwanu mutha kukhala mwana amene anataya m'bale wake, choncho nkhaniyi muigwire mofatsa, ndipo musanene kuti anthuwo anadziputira okha. Munene zoona zonse: mvula inali yoposa muyeso, nyumba zinamangidwa pamalo otsetsereka chifukwa anthu anasowa kwina, ndipo mapiri opanda mitengo sagwira madzi. Mitengo yokha sikanaletsa zonse, koma kusowa kwake kunakulitsa tsokalo. Kuti ana aone mmene zimachitikira, dulani mabotolo awiri akuluakulu m'litali, lina mudzaze dothi lopanda kanthu, lina muikemo chigamba cha dothi chokhala ndi udzu ndi mizu yake. Apendekeni mofanana, muthire madzi ofanana ndi kheni, ana atchere makapu kukamwa kwa mabotolowo. Kapu ina idzadzaza msanga ndi madzi ofiira, inayo idzalandira madzi ochepa, oyera, otuluka pang'onopang'ono. Afunseni kuti dothi lofiiralo limathera kuti. Mitsinje yambiri ya kuno ku Blantyre imakathira mu Shire, momwe a Blantyre Water Board amapopa madzi pa Walker's Ferry, ndi momwe muli makina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mwana amene walumikiza ngalande ya kuseri kwa kalasi yake ndi mpopi wouma ndi kuzima kwa magetsi wamvetsa chinthu chimene akuluakulu ambiri sanachimvetse. Akatero mupite naye kukadzala udzu wa vetiva mopingasa pamene madzi akukumba pasukulupo.

Za kayendetsedwe ndinena mwachidule, poti inu mukuzidziwa kuposa ine. Pa sukulu iliyonse pakhale aphunzitsi awiri oyang'anira kalabu, wamwamuna ndi wamkazi, chifukwa makalabu ambiri amafa tsiku limene mphunzitsi mmodzi yekhayo wasamutsidwa. Limbikirani ana a Sitandade 5 mpaka 7, popeza a Sitandade 8 mitu ili pa mayeso, ndipo akuluakuluwo aziphunzitsa ang'onoang'ono. Kukumana kusapitirire ola limodzi, apo ayi atsikana adzayamba kujomba chifukwa ntchito zikuwadikira kunyumba. Lankhulani ndi a PEA kuti aphunzitsi a sukulu zonsezo muzikumana ku TDC, malo okumanirako aphunzitsi a m'zoni, kamodzi pa teremu, ndipo muwaonetse ahedi kuti zimene mukuchitazi zili kale m'maphunziro a ulimi, sayansi ndi za chikhalidwe ndi chilengedwe, si katundu wowonjezera. Lembetsani makalabu anu ku bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe la WESM, limene linayamba mu 1947 ndipo lakhala likuyenda ndi makalabu a m'sukulu kwa zaka zambiri. Amene tinakulira m'makalabu amenewa timakumbukira magazini yawo ya Nantchengwa, yotchedwa dzina la mbalame ija yomanga chisa chachikulu pa mphanda ya mtengo pafupi ndi madzi.

Kangachepe kanu kaja musakathere pa matisheti, zikwangwani ndi maalawansi. Ntchito yoyamba ndi alawansi imaima tsiku limene alawansi yatha. Gulani makheni, makasu, wilibala, makope olimba, ndipo musunge ina ya ulendo wa kuphiri kuti mwana wosauka asatsale chifukwa cholephera kusonkha. Ngati yatsalako, tengani makolo angapo paulendowo, makamaka aja amene amalowa m'phirimo mozemba. Kuyenda masana, mwana wawo akuwatchulira mayina a mitengo, mlonda akuwapatsa moni ngati alendo, ndi chinthu chimene ambiri a iwo sanachionepo.

Mudzadziwa bwanji kuti nthawi yowonjezera sukulu yachinayi yakwana? Dikirani kumapeto kwa Okutobala, dzuwa litafika pachimake, mvula isanagwe. Pitani pa sukulu iliyonse mwa zitatuzo osanena tsiku. Werengani mitengo yamoyo n'kuyerekeza ndi imene inalembedwa m'kope mu Januwale. Onani ngati kamalo ka zitsa kaja kadutsa chilimwe osapsa. Tengani ana asanu, osasankha anzeru okha, muwapatse masamba aja. Ndipo yang'anani m'kaundula ngati ana a mabanja ootcha makala amene analembetsa poyamba akubwerabe. Zikakhala bwino, aphunzitsi awiri a pa sukulu imeneyo ndi ana awo a Sitandade 7 ndi amene apite kukayambitsa kalabu pa sukulu yotsatira, atanyamula mbande za m'nazale mwawo ndi kope lawo la mitengo. Zikapanda kukhala bwino, khalani pomwepo chaka china, mukhale pansi ndi komiti ndi amfumu, mufunsane chimene chinavuta mu Ogasiti.